Tsiku limene a Longwe anadzaona nsomba zanga

Anzanga, mukamandiona ndikudutsa chothamanga pa mabenchi a nsomba mumsika wa Kawale osayang'ana kumbali, musamati ndine wodzimva. Ndi manyazi amene aja. Nsomba zinandichita chipongwe ine, koma ndikati ndinene zoona, chipongwecho ndinachita kukachisankha ndekha ku Salima, kuchinyamula pamiyendo mu minibasi, nkudzachikhazika pabalaza panga.

Munali m'zaka zija matipate atangolowa kumene, aliyense akudziona ngati bwana. Ine Lameki Mbewe ndinali kalaliki pa kampani ina m'tauni, ndikuchita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Kawale 2. Ndinali pachibwenzi ndi Tamala, mtsikana wa ku Nkhata Bay amene tinkaimba naye kwaya kutchalitchi, ndipo ndinkamukonda zenizeni, osati zamasewera. Bambo ake anamwalira kalekale, ndiye mawu onse a pabanja pawo anali m'kamwa mwa abambo ake aakulu, a Longwe, mkulu wa mpingo, munthu amene anamera imvi akupalasa bwato. Tamala anandiuza mosabisa mawu. Kumudzi kunali mphunzitsi wina wa ku Chintheche amene anali atayamba kuwapatsa moni wautali a Longwe, ndipo iwo ankati anyamata a ku Lilongwe ndi mataye okhaokha, m'mutu mulibe kanthu. Kumapeto kwa mwezi amabwera kudzaona pamene ndimakhala. Akakhutira, nditumize ankhoswe. Akapanda kukhutira, basi, Tamala ndimuiwale.

Nditafika kunyumba tsiku limenelo ndinaima pakhomo nkuyang'ana pabalaza panga ngati mlendo. Mipando iwiri yachitsulo, katebulo kotsimphina, wailesi yakaseti yomanga ndi mphira, ndi kalendala ya chaka chatha imene ndinaisiya chifukwa inkabisa mng'alu wa pakhoma. Eti munthu achoke ku Nkhata Bay, tsiku lonse pabasi, kudzaona zimenezi?

Sabata yomweyo mzungu wa kuntchito kwathu amabwerera kwawo, ndiye pogawa katundu, anzanga akulimbirana makatani ndi mapoto, ine anandisiyira thanki yagalasi yosungiramo nsomba, pamodzi ndi kapampu kake kamagetsi kotulutsa thovu ndi kaukonde kovuulira. Kutalika kwake ngati desiki ya ana awiri kusukulu, madzi ake ndowa zisanu ndi imodzi. Nzeru inandifikira pomwepo, ngati tingaitche nzeru. Munthu wa kunyanja alowe m'nyumba, apeze nyanja ili pabalaza, anganenenso chiyani? Mphunzitsi uja angaonetse chiyani kupatula choko? Tamala sindinamuuze kanthu, ndimafuna nayenso adzadzidzimuke. Tangoganizani, mtsikana wobadwira pamchenga, wodziwa nsomba asanadziwe kuwerenga, ine osamufunsa ngakhale liwu limodzi!

Woyandikana nane anali Che Amidu, bambo wachikulire wogulitsa usipa ndi utaka mumsika. Paunyamata wawo ankagwira ntchito yomira pansi pa nyanja ku Senga Bay, kugwira tinsomba tamitundumitundu timene azungu amatumiza kunja. Ataona thanki ikutsitsidwa pa wilibala anabwera, nkuiyeza ndi zikhatho m'litali ndi m'lifupi.

"Achimwene, iyi si yaikulu, si yaing'ononso," anatero. "Muikemo mbuna, tija ta m'miyala. Mtundu umodzi, ikachulukitsa iwiri. Yamphongo imodzi, zazikazi zitatu kapena zinayi. Miyala muike yambiri, iliyonse ikhale ndi pobisala. Zikuluzikulu zisiyeni m'nyanja momwemo."

Ine mumtima ndikuti, koma abale, munthu wonunkha usipa aphunzitse ine wa Fomu 4, wolemba makalata a Chingerezi pa taipi? Ndinangoti, "Tamva, Che Amidu," uku ndikuyang'ana wotchi. Komabe poti njira ya kwa agwiri a nsombazo sindimaidziwa, ndipo iwo Loweruka amapita ku Salima kukapikula usipa, ndinawakakamira kuti tipitire limodzi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Anandilowetsa pansi pa shedi pamene anzawo akale ankasungira nsombazo m'mathanki a simenti. Ee, koma kunja kuno kuli nsomba! Zabuluu zowala, zachikasu ngati papaya wakupsa, zamizeremizere, zina zofiira pamsana. Pakati pa zimenezi panali tina totuwa, tofiirira, tooneka ngati tangodzuka kumene malungo.

"Totuwato ndiye tatikazi," anatero Che Amidu. "Timeneto mutenge tambiri."

"Ndipite nato kuti? Apongozi adzati ndatola matemba m'ngalande ya ku Mchesi?"

Ndinayamba kuloza ndi chala ngati bwana mugolosale. Iyo, iyo, ndi iyo yabuluuyo, ndi mnzakeyo. Zowala zokhazokha, khumi ndi ziwiri, mitundu isanu. Mnyamata amene ankativuulira nsombazo ankangoyang'ana Che Amidu, Che Amidu nkumayang'ana kudenga.

"Achimwene, zonsezo ndi zamphongo. Atambala awiri salira m'khola limodzi, inu mukuikamo khumi ndi awiri?"

"Nsomba si nkhuku, Che Amidu."

Ndinayankha choncho ine, ndi pakamwa panga pomwe pano, ndipo ndinadzimva kuti ndayankha mwanzeru. Tili pafupi kutuluka ndinaona ina m'thanki yakumapeto, ili yokhayokha. Yaitali kuposa chikhatho changa, yoyera ndi mawanga abulauni ngati yunifolomu ya asilikali, ikuyenda pang'onopang'ono mwaufumu. Sindinadzifunse nkomwe chifukwa chake anaiika yokha. Ndinati iyi ndiye idzakhala bwana wa zonse, a Longwe akadzaiona adzavula chipewa.

"Iyo ndiye ayi, achimwene. Ameneyo ndi kalingono, ali ndi kakhalidwe kake. Akafuna kudya ama..."

"Che Amidu, thanki ndi yanga, ukwatinso ndi wanga."

Che Amidu anandiyang'ana. Kenako anangoti, "Chabwino, bwana." Mukamva munthu wamkulu msinkhu wa bambo anu akukutchulani bwana mwanjira imeneyo, dziwani kuti wakusiyani m'manja mwa Mulungu. Ulendo wonse wobwerera sanandilankhulenso, ine ndili phee ndi katoni ya majumbo amadzi pamiyendo, kukalipira kondakitala aliyense akaigunda.

Kunyumba ndinathira mchenga pansi pa thanki, nkuikamo miyala itatu yokha. Miyala yambiri ya chiyani? Ndagula nsomba kuti zizioneka, osati zizibisala ngati zili ndi mlandu. Malo otsalawo ndinabzalamo maluwa apulasitiki. Tsiku loyamba zinali bwino zedi, anthu a mulaini wathu wonse anabwera kudzasuzumira pawindo, amayi ena mpaka kufunsa ngati nzodya, ine nkumawayankha mwachifundo ngati anthu osayenda.

Tsiku lachiwiri nkhondo inayambika. Ina yabuluu yamizere yakuda inalanda mwala wapakati nkuyamba kuthamangitsa aliyense wodutsa. Yachikasu inalanda pakona. Zotsalazo zinalibe kolowera, zimangozungulira kumtunda, kulumana milomo, kunyotsolana zipsepse. Pofika Lachitatu michira inali ngati nsanza. Ndinawerenga, ndinapeza khumi. Ndinawerenganso, khumi. Mitembo osaoneka! Lachisanu zinatsala zisanu ndi zitatu.

Mukuganiza kuti ndinapita kwa Che Amidu, khomo lachiwiri kuchokera panga? Ayi ndithu. Ndinapita kwa alandilodi anga, Mayi Nabanda, kukawauza kuti mphaka wawo ndi wakuba.

"Mphaka wanga amatsegula loko?" anandifunsa, manja ali m'chiuno. "Mukapita kuntchito mumakhoma nokha, thankiyo mumavundikira ndi thabwa. Kapena mwamupatsa kiyi? A Mbewe, ngati nyumba yakukwanani mungonena, anthu ofuna alipo ambiri."

Ndinabwerako mchira uli pansi. Ndipo nthawi yonseyi chinsomba chamawanga chija chimangonenepa, chili duu pansi, osayambana ndi wina aliyense. Ine nkumachiyamikira! Ndinkati pa nsomba zonsezi yaulemu ndi iyi yokha, yoleredwa bwino, zinazi ndi zigawenga. Uchitsiru wina umafunika satifiketi yake.

Loweruka lotsatira masana magetsi anazima, kapampu kanaleka kutulutsa thovu, nsomba nkuyamba kubwera pamwamba kukamwa kuli yasa. Ndinazula kapaipi ka pampu nkuyamba kuuzira ndi pakamwa. Kalaliki wathunthu, wa taye, nditagwada pasimenti, masaya ali tutumu, kupumira nsomba mpaka chizungulire. Nditakweza maso ndinaona Che Amidu ataima pawindo ndi dengu lawo pamutu. Anandiyang'ana, anayang'ana thanki, nkuti, "Pepani, bwana," basi nkumapita. Pamenepo mpamene ndikanawaitana, koma matama anandiletsa. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Tsiku linafika, Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi. Mbuna zinali zitatsala zisanu, zong'ambikang'ambika, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti chikulu chija chidzaphimba manyazi onse. Ndinakolopa, ndinapukuta galasi ndi nyuzipepala, ndinaphika tiyi wamkaka, masikono ali m'mbale yovundikira. Ndinavala suti yanga yotuwa ya pakaunjika, yosita mpaka mizere yakuthwa. Ndili mkati mokonza taye ndinamva mawu a Tamala panjira, akuti, "Ndi khomo ilo, adada."

Ndinati ndiyang'ane thanki komaliza. Mayo ine! Chinsomba changa chija chili gone chammbali pamchenga, osagwedezeka, mawanga aja akuoneka ngati chayamba kale kuwola. Chafa! Masiku onsewa chinali bwinobwino, chasankha kufa lero, mphindi ino? Mkulu wa mpingo, munthu wa kunyanja, alowe m'nyumba ya mkamwini koyamba nkulandiridwa ndi mtembo pabalaza, si malodza amenewo? Nyumba yanga inali ya khomo limodzi, windo linayang'ana njira yomwe amabwerera alendowo. Kuchipinda kunali kutali, mapazi anali atafika kale pakhonde. Ndinatenga kaukonde nkuchivuula. Chinaphiriphitha kamodzi, ine nkuti ndiko kutsirizika kumeneko, pita bwino. Ndinachikulunga m'kansalu kanga kopukutira thukuta nkuchiponya m'thumba la jekete.

"Odi kuno!"

"Lowani, lowani bambo, takulandirani!"

A Longwe anali aatali, owuma thupi, jekete lakuda, Baibulo kukhwapa. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri, onse onyowa. Anayang'ana chikhatho chawo. Iwo ndi Tamala anakhala pamipando iwiri ija, ine ndinakhala pa kampando kakukhitchini pafupi ndi miyendo yawo. Tamala ataona thanki maso anatuluka, anandiyang'ana ngati akufunsa kuti zimenezi zayamba liti. A Longwe anaiyang'ana nthawi yaitali, nkhope osasintha, ngati munthu amene akuwerenga chidziwitso cha maliro. Kenako anaika chipewa pabondo.

"Tisanalankhule chilichonse, tiyeni tipemphere."

Amene munakhalapo pa pemphero la mkulu wa mpingo wa kumpoto mukudziwa kuti si la mphindi ziwiri. Limayambira pa chilengedwe. Anathokoza chifukwa cha dzuwa, mvula, ndi nyanja. Atafika pa a paulendo, ndinamva kanthu kakugunda m'nthiti. Ndinati mwina ndi mtima. Atafika pa odwala m'zipatala, kanagundanso, kawiri, ndipo mtima wa munthu sukhala m'thumba la jekete. Mtembo uja wadzuka!

Ndinaukanikiza ndi chigongono. Unakankha. Ndinakanikizanso kwambiri, madzi nkuyamba kutsika, kudutsa m'jekete, kulowa m'thalauza, kuyenderera mpaka pabondo, ndipo suti yotuwa mukuidziwa mmene imaonetsera chinyezi. Thukuta kumaso, madzi kumiyendo. A Longwe ali pa atsogoleri a dziko. M'thumba muli phaphapha, ngati muli nkhunda. Ndinayamba kutsokomola kuti ndiphimbe phokosolo, ndinayesa kuponyamo "Inde, Ambuye" mokweza pamalo osayenera. Nditatsegula diso limodzi ndinapeza Tamala nayenso watsegula lake, likuyang'ana jekete langa likuvina lokha, kenako likutsikira pa thalauza. Anadziluma mlomo, mapewa ake nkuyamba kugwedezeka.

"Ndipo nyumba ino, Ambuye," a Longwe anapitiriza, "muiunike ndi kuunika kwanu, pasakhale kanthu kobisika pamaso panu."

Sindikunama, anzanga. Pomwepo chinsomba chinatumpha, kansalu kali kumutu ngati duku, nkukagwera pa nsapato ya a Longwe, phaa! Chinayamba kudzimenya pasimenti, kuwaza madzi pa sokosi zawo. Ine ndinafuna pansi patseguke ndilowe. Koma mukudziwa? Munthu uja sanadule pemphero. Anapitiriza, anapempherera ana amasiye, anapempherera a m'ndende, mpaka anafika pa Ameni mosathamanga. Atatsegula maso anawerama, anachigwira kuseri kwa mutu ndi zala ziwiri ngati akutola ndalama yake, anaimirira nkuchibwezera m'madzi. Chinazungulira kawiri, chinatsikira pamchenga, nkugonanso chammbali. Pamaso panga!

"Kalingono," anatero a Longwe, akupukuta zala. "Amagona choncho ngati wafa, ngati wawola. Tinsomba tikabwera kuti tijomphe mtembo, iye amatimeza. Kwathu mwana wosayamba sukulu amamudziwa. Munayamba nazo zingati, a Mbewe?"

"Khumi ndi ziwiri, bambo."

"Zamphongo zokhazokha, ndikuona."

"Zinali zokongola, bambo."

"Panalibe munthu wokuuzani?"

Ndikanatha kunama. Koma pawindo ndimawaona Che Amidu ali pakhonde pawo, akusankha usipa palichero, khutu lili kuno. Ndinati, "Analipo, bambo."

A Longwe anakhala pansi, anayang'ana thalauza langa, anayang'ana kansalu kaja kali pasimenti, nkupumira m'mwamba.

"Kusadziwa nsomba si mlandu, munabadwira kumtunda. Kuuzidwa osamva, chimenecho ndi chilema, koma ambiri tili nacho. Chandiopsa ine ndi china. Mwaona maliro m'nyumba mwanu, inu nkuwaika m'thumba kuti alendo asadziwe. Tsono mwana wathuyu akadzadwala kuno ku Lilongwe, ife tili kutali, mudzamuika m'thumba liti?"

Mapewa a Tamala analeka kugwedezeka. Ine Chingerezi chonse cha pa taipi chija chinathawa. Ndinayesa kunena za tiyi, iwo anati amwa kale. Masikono sanavundukulidwe nkomwe. Anavala chipewa nkuti yankho ndidzalimva, ndipo potuluka anaima pakhonde la Che Amidu, kupatsana moni ngati anthu odziwana kalekale, nkumacheza za mitengo ya usipa, ine nditaima pambali ndi thalauza lonyowa ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Tamala anatsalira pang'ono pakhomo. Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Ine ndakulira pa nyanja, a Lameki," anatero motsitsa mawu. "Mukanangondifunsa."

Yankho linabwera pakalata patatha milungu itatu. A Longwe anati sakukana, koma ndidikire chaka, ndiyambe ndakhwima. Ine ndinadikira. Mphunzitsi wa ku Chintheche ndiye sanauzidwe zodikira. Tamala anapita kumudzi pa Khirisimasi, anachedwa kubwerera, kenako ndinangomva kwa a kwaya kuti wapeza ntchito konko. Zinandipweteka, ndisakunamizeni, ndinaonda mpaka suti ija inayamba kundikulira. Kalingono yekha ndiye ankanenepa, poti mbuna zisanu zija anazimaliza mwezi usanathe, ndipo m'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito ndimamupeza ali gone chammbali, diso limodzi lili pa ine.

Chaka chisanathe kuntchito kunafika envulopu yoyera ya sitampa ya ku Nkhata Bay. Khadi laukwati, la maluwa agolide m'mbali, dzina la Tamala ndi la mphunzitsi uja, tsiku, tchalitchi, ndi malo a madyerero. Pansi penipeni panali mzere umodzi wolemba ndi bolopeni, ndipo kalembedwe kake ndimakadziwa bwino, nka Tamala, kamene kankandilembera nyimbo za kwaya.

"Nsomba zidzakhalako zokwanira. Musavutike kubweretsa yanu."

Thanki ndinawapatsa Mayi Nabanda, amasungiramo anapiye. Kuyambira tsiku limenelo, ine nsomba ndimasankha ili m'mbale, yokazinga, yothira mchere, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndaibaya ndi foloko kaye kuti nditsimikize.